Munthu Amene Sindinamujambule

Ndinafika ku Mzuzu ndili ndi zaka makumi awiri, m'zaka za m'ma sevente, pa basi imene inatitsitsa pa depoti mvula ikuwaza. Ndinali ndi bambo anga, sutikesi imodzi yachitsulo, ndi kabokosi ka mabulashi anga openta. Ine ndinabadwira ku Halale, m'komboni ya anthu akuda ya mzinda umene masiku amenewo unkatchedwa Sozibele. Bambo anali Mtonga wa ku Nkhata Bay amene anapita kumeneko akadali ndi mphamvu kukaphikira azungu, nakhalitsa mpaka imvi mbuu. Mayi anga anali Mshona. Mayi atamwalira, nkhondo ya kutchire itayamba kumveka ngakhale m'tauni, bambo ananena tsiku lina kuti timange katundu, tikupita kwathu.

Kwathuko ndinali ndisanapondeko, koma ndinkakudziwa kuchokera m'kamwa mwa bambo. Lamlungu lililonse akamasita malaya awo oyera ankalongosola zomwezomwezo: nyumba ya zidina pamwamba pa chitunda, khomo loyang'ana kotulukira dzuwa, mitengo iwiri ya mango kudzanja lamanja, munda wa chinangwa wotsetsereka mpaka pa dziwe loviikamo chinangwacho, ndi nyanja yooneka patali pakati pa mapiri awiri. Za anthu a panyumbapo sankanena kanthu, ndipo ine sindinkafunsa.

Tsiku limene tinafikalo, basi ya ku Nkhata Bay inali itaima pomwepo, kondakitala akuitanira. Bambo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati tiyambe tapuma. Tinapeza chipinda ku Salisbury Lines, ndipo iwo anaseka kuti tathawa Sozibele n'kudzagweranso mu Sozibele. Kupumako kunatha sabata, kunatha mwezi, kunatha chaka. Anapeza ntchito yophika pa nyumba ina yogona alendo. Ndikafunsa za ulendo wa kunyanja, ankati msewu wa m'mapiri waterera, kapena chifuwa chawo chavuta, kapena tidikire kuti kuyere. Mtunda wotsalawo unali wosakwana theka la tsiku pa lole.

Ku Halale anzanga ankanditcha Mnyasalande, ndipo tikakangana ankandiuza kuti ndibwerere kwathu. Ku Mzuzu ndinasanduka wa ku Halale, mwana wa mtchona. Chichewa changa chinkapindikira ku Chishona, Chitumbuka sindinkachimva, Chitonga cha bambo ndinkangotolako mawu. Munthu akati "Monire", lilime langa linkathamangira kuyankha monga ankayankhira mayi anga, ndipo ndinkaligwira lili m'njira. Sabata yoyamba bambo anatenga buluku langa lotambalala kumiyendo n'kukalichepetsa kwa telala, nandimetetsa tsitsi, chifukwa zotere kuno zinali zoletsedwa. Anandigulira khadi la chipani ndi kundiloweza dzina la mudzi wawo ndi la mfumu yake. Pa geti la msika anyamata a chipani akandiimitsa, ndinkatchula mudziwo ngati vesi la ku sukulu ya Sande. Iwo ankamvetsera kalankhulidwe kanga, n'kuyang'anana, n'kundisiya ndidutse. Bambo ankati munthu wolankhula ngati ine azichepetsa mawu pagulu.

Ntchito imene ndinabwera nayo inali yolemba zikwangwani. Ndinkalemba mayina a mabutchala, a malo ometera, a matelala, ndipo pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kudziwika pafupi ndi msika. Ndi mmene anandipezera mwini tiyirumu ina ya kuseri kwa depoti. Anali Myao wa ku Mangochi, bambo wa ndevu zosongoka ndi kachisoti koyera, wolankhula mofatsa. Khoma lake lam'kati linali litathimbirira ndi chinyontho, ndipo anafuna kuti ndilibise ndi chithunzi chachikulu. Anandipatsa malamulo awiri. Loyamba, pasakhale munthu kapena nyama, chifukwa chipembedzo chake sichilola. Lachiwiri, chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chimene chinali pamwamba pa khomalo ndichisiyire malo okwanira, ndipo pasakhale chilichonse chokwera kuchiposa. Nditamufunsa kuti ndijambule chiyani, anati, "Jambulani kwanu, achimwene. Munthu salakwitsa kwawo."

Ndinagona nalo funsolo masiku awiri. Kujambula Halale pa khoma la mu Mzuzu kukanakhala kudzipalira mafunso. Ndinasankha kwawo kwa bambo.

Ndinagwira ntchitoyo milungu iwiri, m'mawa uliwonse, anthu akumwa tiyi ndi masikono kumbuyo kwanga. Penti inali yotsala ku zikwangwani: yabuluu, yobiriwira, yofiirira ya malata, yoyera ndi yakuda pang'ono. Ndinaika chitunda, nyumba, mango awiri, munda wotsetsereka, dziwe, ndi nyanja pakati pa mapiri, zonse monga ndinazimvera. Koma dzanja linkachita zake. Mitengo ya kumbuyo inatuluka ya masamba ofiira ngati imene ndinakula ndikuiona kwawo kwa mayi. Udzu unatuluka wachikasu, wa dziko louma. Kumanzere kwa nyumba kunatsala malo opanda kanthu amene bambo sanawalongosolepo, ndipo ine, posafuna kusiya pambalambanda, ndinajambulapo miyala itatu yosanjikizana, waukulu pansi, waung'ono pamwamba. Miyala yotere ili mbwee kunja kwa Sozibele, ndipo mayi ankandilozera tikamapita kukaona abale awo. Khomo la nyumbayo ndinalisiya lotsegula, n'kulipaka penti yakuda.

Anthu anachikonda chithunzicho, koma aliyense ankafunsa kuti ndi kuti. Atonga ankati nyanja siichepa choncho. Kalaliki wina wa ku boma, atachiyang'ana akupukuta magalasi, anati chithunzi ndi chokongola chomene, koma dziko limeneli kulibe. Mawu amenewo anandilasa, pakuti ndinadziwa kuti sananame. Bambo anga sanabwere kudzachiona. Ankati adzabwera chifuwa chikapepuka.

M'mwezi wa Meyi, kuzizira kutayamba ndi nkhungu yake ija yosachoka mpaka dzuwa litakwera, m'tiyirumu munalowa mayi wina amene ndinkamuona kumsika akugulitsa ufa wa kondowole. Ankakwera kuchokera kunyanja pa lole kawiri pa sabata. Anali wamtali, wowonda, wa msinkhu wa bambo anga, ndipo ankadziwika kuti satsitsa mtengo ndiponso saseka ndi munthu. Ine ndinali pakhomo ndikumalizitsa chikwangwani chakunja. Mayiyo analandira kapu yake ya tiyi, natembenuka kuti akhale, naona khoma. Sanakhale. Anaima pomwepo mpaka tiyi anasiya kufuka nthunzi. Kenako anafunsa mwini tiyirumu kuti wajambula ndani, ndipo iye anandiloza.

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, koma maso ake anakhalitsa pa makutu anga. Sanandifunse dzina kapena kwathu. Anangoti, m'Chichewa cholemera ndi Chitonga, "Wamuika bwino pakhomopo. Ankaima choncho kumene."

Ndinamuuza mwaulemu kuti pa chithunzipo palibe munthu, kuti mwini malo analetsa. Iye anaika kapu pa tebulo, tiyi osamulawa, natuluka.

Ine ndi mwini tiyirumu tinasendera pafupi. M'kati mwa khomo lakuda lija munali banga lotuwa, lotalika ngati chala changa. Pamwamba linali lozungulira, pakati lopyapyala, ndipo mbali imodzi linatambasuka kukakhudza mphuthu ya chitseko. Aliyense akanati ndi mwana wamng'ono ataima, dzanja limodzi atagwira pakhomo. Mwini tiyirumu anandiyang'ana mokhumudwa, nandikumbutsa zimene tinagwirizana. Ndinalumbira kuti sindinaikepo. Nditakhudza, panali ponyowa ndi pozizira, ndipo chala changa chinabwera ndi kaufa koyera ngati mchere. Ndinamufotokozera kuti ndi chinyontho chotuluka m'njerwa. Ndinapala, ndinaumitsa ndi mbaula, n'kupakanso penti yakuda.

Patatha masiku atatu banga linabwerera, pamalo pomwepo, ndi maonekedwe omwewo. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, ndinapeza mng'alu pamene madzi a padenga ankatsikira, ndinaumata ndi simenti. Ndinapalanso, ndinapakanso kawiri. Linabwereranso, ndipo ulendo uno kunsi linagawikana pawiri ngati timiyendo. Ndakhala ndikupenta makoma zaka zambiri kuyambira pamenepo, ndipo ndikudziwa kuti chinyontho chimabwerera pamene chinazolowera. Koma masiku amenewo ndinkati ndikalowa m'mawa, ndinkayamba ndayang'ana pansi, n'kumakweza maso pang'onopang'ono.

Benchi ya pafupi ndi khomalo inayamba kukhala yopanda anthu. Makasitomala ankathithikana mbali inayo, misana atalozetsa ku chithunzi. Mwini tiyirumu anasiya kuyala mkeka wake wopemphererapo m'chipindamo, n'kumakayala ku khitchini. Bambo wina woyendetsa lole anandinong'oneza kuti ndichenjere, chifukwa chinthu chosadziwika bwino chikamera pansi pa chithunzi cha mtsogoleri, pamapezeka wina wochimasulira, ndipo wojambula wake akakhala wochokera kunja, kumasulirako sikutenga nthawi. Za bangalo anthu ankalankhula motsitsa mawu monga ankachitira ndi nkhani za ndale.

Mayi wa ufa uja yekha ndiye ankakhala pa benchi imene ija. Tsiku lililonse la msika ankabwera, n'kugula tiyi ndi sikono imodzi. Ankanyema kachidutswa n'kukaika pansi, m'munsi mwa khoma. Mwini tiyirumu ankadikira kuti atuluke n'kusesa.

Ulendo wachinayi mayiyo anandikodola kuti ndikhale pambali pake. Anayamba kuloza zinthu pa khoma chimodzichimodzi. Anati pa mitengo iwiri ya mangoyo unatsala umodzi, winawo unaombedwa ndi mphenzi. Anati dziwe lidakalipo koma linasendera kumunsi. Anati mitengo yofiirayo saidziwa. Kenako chala chake chinaima pa miyala itatu ija.

"Za miyalayi wakuuza ndani?"

Ndinati palibe. Ndinamufotokozera kuti ndi miyala ya ku Halale, ya kwawo kwa mayi anga, kuti ndinaiikapo pongofuna kutseka malo. Anapukusa mutu. Anati miyalayo anaisanja yekha ndi manja ake, kumanzere kwa nyumba, pamanda a mwana wake wamwamuna, chifukwa panalibe mwamuna pakhomo woti aumbe chiliza. Bambo wa mwanayo anapita ku Halale mwana atangoyamba kuyenda, atalonjeza kuti abwera ikagwa mvula yachiwiri. Mwanayo anakula akuuzidwa kuti bambo ake adzabwera pa lole, choncho lole ikamveka kumsewu wa kumunsi ankathamangira pakhomo n'kugwira mphuthu, osatuluka, chifukwa ankaopa kulira kwa injini. Anamwalira ndi malungo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Mphunzitsi wa pamudzipo analemba kalata, ndipo munthu wina wopita kumeneko anaitenga. Yankho silinabwere.

Ananena zonsezi mosagwedezeka mawu, ngati akutchula mitengo ya ufa. Kenako anati, "Makutu akowa ndi a bambo wa mwana wanga. Ali moyo?"

Ndinati ali moyo.

"Ali kuti?"

Ndinati ali kutsidya kwa dambo, ku Salisbury Lines, ndipo akhala kumeneko chaka ndi miyezi. Iye ankadutsa pafupi ndi njira ya kumeneko kawiri pa sabata atasenza ufa. Anamaliza tiyi wake, namanga chitenje, nati ndikawauze kuti nyumba idakalipo, denga anafolera chaka chatha.

Ndinabwerera kunyumba masana amenewo. Ndinakula ndikudziwa kuti ndine mwana woyamba ndi wotsiriza wa bambo anga. Ndinkadzifunsa ngati mayi anga ankadziwa, ngati ankamva nawo za mango ndi dziwe Lamlungu lililonse akudziwa amene ankatunga madzi pa dziwepo. Ndinawapeza bambo atakhala pa khonde akupukuta nsapato. Ndinawauza zonse nditaimirira, ndipo mawu anga anathawira ku Chishona osadziwa, chifukwa ndi chinenero chimene ndimakwiyira nacho. Sanasiye kupukuta. Nditamaliza, anafunsa chinthu chimodzi chokha, kuti mwana wa pakhomayo ndi wamtali bwanji poyerekeza ndi chitseko. Ndinawaonetsa ndi dzanja. Anagwedeza mutu, nalowa m'nyumba.

M'mawa mwake anavala suti yawo ya ku tchalitchi nandiuza kuti ndiwaperekeze. Nkhungu inali itatseka dambo lonse, moti anthu opita ku ntchito ankangotulukira pamaso pathu n'kuzimiririkanso. Panjira anandiuza kuti kalata ija inawafika. Inawapeza mayi anga ali ndi pakati pa ine. Anaiwerenga, anaisokera m'kati mwa nsalu ya sutikesi, ndipo sanauze munthu. Anati chaka chilichonse ankati ayankha, koma chaka chilichonse chinkawonjezera zoti afotokoze. Za miyala anati sankadziwa, ndipo sakanadziwa.

M'tiyirumu munali anthu atatu okha. Bambo anavula chipewa, napita kukaima pafupi ndi khoma. Ine ndinkayembekeza kuti anena za mitengo yolakwika kapena udzu. Sanayang'ane kwina kulikonse koma pakhomo paja. Anawerama mpaka nkhope yawo inafanana ndi bangalo, monga amachitira munthu wamkulu polankhula ndi mwana, nati m'Chitonga, "Ndaza." Ndiye kuti, ndabwera. Analankhulanso mawu ena ambiri motsitsa amene sindinawamve. Anthu atatu aja anasiya makapu awo n'kutuluka mmodzimmodzi. Mwini tiyirumu anawabweretsera bambo mpando, ndipo anakhala pamenepo mpaka dzuwa linaboola nkhungu.

Sabata yotsatira kunamveka kuti mumzinda mubwera alendo akuluakulu a boma, ndipo nyumba zonse za m'mbali mwa msewu zipakidwe laimu. Mwini tiyirumu anandiitana, nati poti laimu wagulidwa kale, ndipake ndi m'kati momwe. Anapepesa. Anati iye sakunena kuti ndinalakwa, koma makasitomala akutha, ndipo zinthu zina ndi bwino kuzisiyira Mulungu. Ndinatsitsa chithunzi cha mtsogoleri mosamala, ndinapaka khoma lonse katatu, n'kuchibwezera pamsomali wake. Ndinayambira kumwamba, pakhomo paja ndinamalizira.

Loweruka la sabata yomweyo tinakwera lole ya kunyanja. Mayi uja anakhala mbali ina pa matumba ake opanda kanthu, bambo mbali ina, ine pakati. Ulendo wonse wa m'mapiri sanalankhulane. Tinatsika dzuwa lili paliwombo, n'kukwera chitunda wapansi, bambo akupuma kawirikawiri.

Nyumbayo sinafanane ndi yanga ya pa khoma. Inali yaing'ono, yopendekera, ndipo nyanja sinkaoneka chifukwa mitengo inali itakula. Paliponse panali pobiriwira mopitirira penti iliyonse imene ndinali nayo. Koma kumanzere kwake, pamene ndinaika miyala yanga, panali miyala itatu yosanjikizana, waukulu pansi, waung'ono pamwamba, yofika m'mawondo, itamera ndere. Ndinaima pamenepo ndikuiyang'ana. Ndinatembenuka kuyang'ana pakhomo. Panali nkhuku yokha.

Abale anasonkhana, ena akulira, ena akululutira kuti mtchona wabwera. Atatha kuwagwira bambo manja, anayamba kundiyang'ana ine n'kumafunsana. Amene anayankha ndi mayi uja, ali chogwada akumasula matumba, osatembenuka n'komwe: "Ndi mwana wa pakhomo pano." Palibe amene anafunsanso.

Mayiyo sanawalowetse bambo m'nyumba mwake. Anawapatsa kanyumba ka mlongo wake amene anamwalira, pafupi ndi munda. Bambo anakhala mmenemo zaka ziwiri mpaka chifuwa chija chinawatenga. Mayiyo ankawaphikira tsiku lililonse, koma sanadye nawo limodzi ngakhale kamodzi. Ine ndinakhala milungu itatu. Fungo la chinangwa choviika linkandidwalitsa, ana ankanditsatira kuti ndilankhule aseke, ndipo ndinabwerera ku Mzuzu ku ntchito yanga. Kuyambira pamenepo mayi uja ndinkamutcha ama, monga amatchulira kumeneko, ndipo akakwera ndi ufa ankandisiyira wanga m'kambale, ngakhale ankadziwa kuti sindiukonda.

Bambo atamwalira, ama anabwera kuchipinda changa tsiku lina la msika, chinthu chimene anali asanachitepo. Anakhala pa mpando, nati ndimujambulire nkhope ya mwana wake, poti analibe chithunzi chake chilichonse ndipo nkhopeyo inayamba kumuthawa. Ndinati sindingathe, munthuyo sindinamuonepo. Anati ndili ndi galasi, ndiyambire pamenepo.

Ndinatenga kathabwa, ndinaimika galasi lometera pa windo, ndipo kwa masiku angapo ndinkadziyang'ana n'kumachotsa zaka. Ndinafewetsa chibwano, ndinakulitsa maso, ndinachotsa mphuno ya mayi anga n'kuikapo ya ama monga ndinkaikumbukira. Makutu ndinawasiya. Chinali chinthu chovuta kukhala nacho m'chipinda. Madzulo ndinkachitembenuzira ku khoma.

Atabweranso ndinamupatsa. Anachitengera pakhomo pomwe panali kuwala, nachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

"Si iyeyu," anatero. "Komanso si iwe."

Ndinati ndiyesenso. Anakana. Anachikulunga m'chitenje, nachiika pansi pa dengu lake, pamwamba n'kusanjapo matumba, nanena kuti afulumire lole isamusiye.